Mpesa Umene Ndinaudzutsa

Ku England ndinapita ngati katundu wa mkazi wanga. Ndikunena mosabisa chifukwa ndi mmene zinalili. Amene anaitanidwa ndi iye, namwino, ine ndinangotsatira pambuyo ndi mwana wathu Chisomo, pepala langa litalembedwa kuti ndine wodalira mkazi. Kwathu ku Dowa ndinali munthu ndithu. Ndinkalima fodya ndi chimanga, ndipo mbewu za munthu zikayamba chikasu ankabwera pakhomo panga kudzafunsa nzeru. Tsiku lonyamuka achimwene anga anandigwira dzanja pa depoti nati, “Nanga kumeneko mukalima chiyani?” Ndinaseka nawo. Funsolo linayamba kundiwawa tili kale m'ndege.

Tinkakhala ku Lozells, m'chipinda chapamwamba, m'nyumba zija zogundana mzere wonse, moti woyandikana naye akatsokomola umadziwa kuti lero mankhwala sanamwe. Amake Chisomo ankapita kumashifiti awo kuchipatala, ine kuperekeza mwana kusukulu n'kubwerera kudzayang'anizana ndi khoma. Ndinatsukako mbale, ndinakolopako maofesi. Ntchito yooneka anandipezera Mbewe, m'bale wa ku Chipata amene tinkapemphera naye, munthu wamfupi wa pakamwa posatopa.

“Achimwene, kuli vakansi ku weyahausi kwathu ku Bilston,” anatero. “Koma kutchalitchi musakanene zimene timaloda.”

Zimene tinkalodazo anali vinyo. Mpingo wathu sufuna n'kumva komwe fungo la mowa, choncho zaka zonsezo akulu a mpingo ankadziwa kuti ndimagwira ntchito ya zakumwa. Sanafunse kuti zakumwa zanji, inenso sindinawathandize.

Malowo anali chakuseri kwa msika, pakati pa zipupa za mafakitale a zitsulo amene anatsekedwa kalekale. Eni ake anali banja la ku Italy, ochokera pachilumba chakummwera kwa dziko lawo, ndipo vinyo yense ankachokera kumunda kwawo, m'mbali mwa phiri lophulika moto. Makolo awo analima pamenepo mibadwomibadwo. Wamkulu m'banjamo, a Alfio, anatsala kumundako. Mng'ono wawo, a Saro, anabwera ku Bilston ali mnyamata kudzasungunula zitsulo, ndipo ng'anjo zitazima anayamba kugulitsa vinyo wa kwawo m'malesitilanti. Pamene ine ndinkafika, zonse zinali m'manja mwa mwana wawo Rita. A Saro anali atatsala ndi ntchito ziwiri zokha, kudzudzula aliyense ndi kusamalira mtengo umodzi.

Mtengowo unali m'kanyumba ka magalasi kotsamira khoma kuseri kwa weyahausi, utabzalidwa mu mgolo wathabwa wodulidwa pakati. Unali mpesa. Ine mpesa ndinkaudziwira m'Baibulo, ndipo ndinkaganiza kuti ndi chinthu chokongola. Uwu unali wopindikapindika, khungwa lake lothetheka, nthambi zitamangiriridwa pawaya. Koma chimene chinandikwiyitsa ndi dothi. Linali lakuda, lokhakhala ngati makala osinja, ukalifinya m'dzanja osagwirana. Tsiku lina pa nthawi ya chakudya ndinalephera kupirira.

“Bwana, dothi ili ndi lakufa. Kwathu ngakhale chinangwa chingakane.”

Mkuluyo anandiyang'ana nthawi yaitali, pamwamba pa magalasi ake. “Ndiwe mlimi?”

“Ndinali.”

“Khala pansi.”

Anandiuza kuti limenelo ndi phulusa la phiri lawo, ndipo chaka chilichonse thumba limodzi limabwera pa lole ya vinyo. Pamwamba penipeni pa munda wawo, anatero, pali mizere ingapo ya mphesa za mtundu umene supezeka kwina kulikonse, ngakhale m'mabuku mulibe. Anausunga ndi makolo awo okha. Pobwera ku England anadulako kanthambi, ngati mmene ife timadulira mbewu ya chinangwa, n'kukakulunga m'sokosi yonyowa. Kanthambi kameneko ndi kamene kanakula n'kukhala mtengo ndinkaunyozawo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadyera buledi wanga m'kanyumbamo. Mbewe ankanditcha nduna ya zaulimi. Mkuluyo ankandifunsa za fodya, ine ndinkamufunsa za phiri, ndipo Chingerezi chathu tonse chinali chopunduka mofanana, moti tinkamvana bwino. Phirilo ankalinena ngati munthu wa m'banja, wamkulu wovuta amene aliyense amayenda momuyang'ana kumaso. Lero lagona, lero latsokomola, chaka chakuti linadya tchalitchi n'kusiya khola la mbuzi. Ndinamufunsa ngati saopa.

“Timaopa tsiku lililonse,” anatero. “Koma ndi lomwelo limatidyetsa.”

Chaka chimene ndikufuna kunenachi, lole inabwera nyengo yozizira itangoyamba, makatoni onse ali ndi fumbi lakuda pamwamba. Mbewe anayamba kupukuta akudandaula kuti dalaivala wadutsa kumgodi wa malasha. A Saro anabwera, anatola pang'ono n'kutikita ndi zala. Anangolowa mu ofesi n'kutseka chitseko. Sabata imeneyo foni inkalira kosalekeza. Rita anabweretsa kawailesi ka kanema n'kukaika pamwamba pa kabati, ndipo tikamadutsa ndi mapaleti, matabwa osanjikapo makatoni, tinkaona chiphalaphala chofiira cha phiri lija chikutsika pakati pa mitengo. Sichinkathamanga ayi. Chinkayenda ngati ng'ombe yokhuta, koma mtengo uliwonse umene chaufika unkayaka chisanaukhudze n'komwe. Zimenezi zinandiopsa kuposa chikanakhala chothamanga.

A Saro ananyamuka Lachisanu kupita kuchilumba kwawo. Asanakwere galimoto anandikokera m'kanyumba kaja n'kundipatsa kiyi.

“Rita amapha ngakhale maluwa a pulasitiki,” anatero. “Ndikusiyira iwe. Phiri likatenga munda wam'mwamba, padziko lonse watsala uwu wokha. Wamva?”

“Ndamva, bwana. Ndiziuchita chiyani?”

“Usachite kanthu. Uzingotseka chitseko. Usaupatse kanthu, usavutike nawo.”

Ndinavomera ndi mutu. Koma ndiyenera kufotokoza mmene mawu amenewo anamvekera kwa munthu wa kwathu. Kwathu munthu akamapita kutali n'kukusiyira mbuzi zake, amati musavutike nazo. Ndi ulemu chabe. Akabwera n'kupeza zawonda, sadzakumbukira kuti ananena choncho, ndipo mudzi wonse udzadziwa kuti manja ako ndi oipa. Ine ndinamva ngati mkuluyo akundichitira ulemu, wantchito wake wonyamula makatoni, kuti ndisaone ngati wandionjezera ntchito.

Masabata oyambirira ndinadzigwira. Ndinkatsegula, kuyang'ana, kutseka. Kenako masamba anayamba chikasu, anafiira m'mbali, n'kuyamba kugwa limodzilimodzi. M'mawa uliwonse ndinkawatola pansi n'kuwaika m'thumba la jekete, sindikudziwa kuti ndinkawasungiranji. Sikuti sindinkadziwa kuti mitengo ya ku England imayoyola masamba kukazizira. Ndinali nditaona m'misewu. Koma imeneyo ndi mitengo ya komweko, yozolowera. Uwu unali mlendo ngati ine, wochokera kotentha, phiri lake la moto. Zaka zam'mbuyo nyengo ngati imeneyi ndinkauona wopanda masamba, inde, koma mwini wake ankakhala m'menemo tsiku lonse, ndipo ndinkaganiza kuti pali zimene amauchita zimene sanandiuze. Mlimi aliyense amabisako kanthu.

Ndiye linafika tsiku limene Rita anatuluka mu ofesi maso ali ofiira. Anaima pakati pa mapaleti nati, “Munda wam'mwamba wapita.” Anati chiphalaphala chinafika masana, chinakwirira mizere yonse ndi kanyumba kosungiramo makasu, n'kuima chisanafike munda wam'munsi. Bambo ake aakulu, a Alfio, anaimirira pakhoma n'kuonerera mpaka mapeto, ndipo kuyambira pamenepo sakudya.

Ndinapita m'kanyumba kaja. Pampesa panali patatsala tsamba limodzi. Ndinagwira dothi, louma gwa, lozizira ngati chitsulo. Ndinachita mantha amene sindinachitepo ngakhale chaka cha njala. Ndinaona mkuluyo akubwera kuchokera kumaliro a munda wake n'kupeza chikuni mu mgolo, ine nditaima pambali ndi kiyi, n'kumati munanena nokha kuti ndisachite kanthu. Munthu amene anthu ankayenda mtunda kudzamufunsa nzeru! Ndinakatenga ketulo.

Ndinayamba ndi madzi ofunda, m'mawa uliwonse ndisanayambe shifiti. Dothi lija linkangomeza osaonetsa kuti lamwa, choncho ndinagula manyowa a m'thumba kumsika n'kuthira pamwamba, okhuthala bwino, kuti chinyezi chizikhala. Timabowo ta pansi pa mgolo tinkataya madzi, ndinatitseka ndi nsanza. Chomaliza ndinanyamula hita yotenthetsera m'chipinda mwathu, kukwera nayo basi ndi sitima mpaka ku Bilston, n'kukoka waya kuchokera mu weyahausi.

Amake Chisomo atabwera kuntchito anapeza chipinda chili zii. “Hita ili kuti?”

“Ndabwereka kuntchito. Kuli wodwala.”

“Wodwala ndani? Inu mwasanduka dokotala liti? Mwanayu akadwala chifuwa mudzamutengera ku weyahausi komweko.”

Chisomo anafunsa m'Chingerezi chake chija ngati mtengo umamva kuzizira kuposa iye. Ndinamufunditsa jekete langa. Sindinyadira zimenezi.

Mbewe yekha ndi amene anaona zonse. Anasuzumira tsiku lina, nthunzi ili m'magalasi ngati m'bafa, napukusa mutu. “Achimwene, madala aja anati liveni, musaukhudze. Izi mukupangazi ndi ovataimu yopanda malipiro, ndipo ikuthera m'mavuto.”

“Inu mumadziwa folokolifiti. Za mbewu ndisiyireni.”

“Chabwino, a nduna. Ine sindinaone kanthu.”

Patapita masabata angapo, Khirisimasi itadutsa, ndinaona timaso ta panthambi titatupa. Kenako tinaphulika, n'kutuluka mphukira zofewa, zaubweya, zobiriwira motuwira. Kunja madzi a m'ngalande ataundana, m'kanyumba mwanga muli dzinja. Ndinagwada pamenepo n'kuthokoza Mulungu. Kunena zoona, kuyambira tsiku limene ndinatsika ndege sindinamvepo kuti ndine mwamuna ngati m'mawa umenewo. Ndinapita ndekha kukamuitana Rita kuti adzaone.

Anaima pakhomo osalowa. Nkhope yake inasintha ndikuiona.

“Wachita chiyani?”

“Unatsala pang'ono kufa, mayi. Ndaudzutsa.”

“Sumafa! Umagona! Umayenera kugona mpaka kutafunda!” Anagwira kumutu. “Kwawo kuphiriko kumagwa chisanu kuposa kuno. Mulungu wanga, bambo andipha.”

Kuti kuphiri la moto kumazizira, palibe anandiuzapo, inenso sindinafunse. Rita anaona waya uja, anaona hita pafupi ndi thabwa louma, anayamba kunena za moto ndi inshuwalansi, ndipo anazula pulagi ndi dzanja lake. Ndinafuna kunena kuti poti wadzuka kale, tisauzimire moto mwadzidzidzi, tiuchepetse pang'onopang'ono. Mlimi aliyense amadziwa zimenezo, mbande suichotsa pamthunzi tsiku limodzi. Koma ndinali nditangouzidwa kumene kuti sindidziwa kanthu. Ndinanyamula hita n'kubwerera nayo ku Lozells.

Kumapeto a sabata imeneyo kunazizira kwambiri. Lolemba m'mawa kiyi anakana kulowa mpaka ndinauzira mpweya pa loko. Mphukira zonse zinali zitada n'kulendewera ngati masamba a nkhwani owiritsa. Madzi anga aja, amene ndinawatsekera njira, anali ataundana mu mgolo mpaka thabwa limodzi linang'ambika. Atasungunuka, m'kanyumbamo munayamba fungo la chinthu choola. Ndinachotsa nsanza zija, ndinakokola manyowa ndi manja, ndinatsegula chitseko kuti mupite mphepo. Ndinkadziwa kuti ndikusesa pakhomo pa maliro.

Palibe amene anawauza a Saro pafoni. Rita ankati mawa, mawa. Ine ndinasiya kudya bwino, buledi ndinkapatsa Mbewe. Tinkangomva kuti mkuluyo akubwera kudzadula nthambi, nthawi yake yodulira isanathe. Tinamvanso kuti a Alfio ayambanso kudya. Chinawadzutsa pamphasa ndi uthenga wakuti ku England mpesa ulipo, ndipo anayamba kukumba okha mayenje m'mphepete mwa munda wam'munsi, dzenje limodzi kapena awiri patsiku, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu.

A Saro anafika masana, kukugwa kamvula kaja kosatha. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuzungulira khosi. Sanalowe mu ofesi. Anabwera molunjika kwa ine, sutikesi ili m'manja, natambasula dzanja kuti ndimupatse kiyi. Ndinamutsatira.

Anaima pamaso pa mgolo. Ananunkhiza. Anaona thabwa long'ambika, anaona zotsalira za mphukira zouma panthambi. Kenako anakanda khungwa la nthambi imodzi ndi chikhadabo. Mkati munali mofiirira, mouma. Anakanda ina, ndi ina, kutsika mpaka patsinde penipeni pafupi ndi dothi. Sanapeze pobiriwira.

“Unaupatsa madzi,” anatero.

“Inde, bwana.”

“Ndi moto.”

“Inde. Ndinaopa kuti ukufa. Ndinaopa kuti mudzati sindinausamale.”

Ndinkayembekeza kuti akuwa. Munthu uja ankakuwa chifukwa cha katoni yoikidwa chozondoka. Koma anangokhala pansi pa kampando kake, sutikesi pakati pa miyendo, n'kuyang'ana mtengowo mpaka mvula inasiya. Atatero anatulutsa kampeni m'thumba.

“Kandipezere manyuzipepala. Uwanyowetse.”

“Bwana, nthambizi ndi zakufa.”

“Ndikuona. Mkulu wanga wakumba mayenje makumi anayi. Ukufuna ndikamupatse sutikesi yopanda kanthu?”

Anadula yekha, mosamala, kanthambi kalikonse ndi timaso take titatu, ngati kuti n'kamoyo. Ine ndinkalandira, kukulunga m'nyuzipepala yonyowa, kumanga ndi ulusi. Zinthu zambiri zolemera ndinanyamula m'dziko lija, koma mtolo umenewo, wopepuka ngati mapesi, ndi umene ndimaumvabe m'manja. M'mawa mwake anabwerera kuchilumba.

Sanandichotse ntchito. Ndinagwiranso zaka ziwiri pamalopo, kuloda ndi kutsitsa, kutumiza kumudzi zimene ndinkatha, mpaka msana unakana. Ndinabwerera ku Dowa ndekha, amake Chisomo ndi mwana anatsala. Kuno ndinapeza achimwene atabzala bulugamu m'munda mwanga, ana awo akundiyang'ana m'matumba osati kumaso, ndipo amene ndinawamangira nyumba za malata ankandifunsa kuti ndibwerera liti. Zimenezo ndi za aliyense wobwera kunja, sindidandaula nazo. Chimene anthu amadabwa ndi chakuti munthu akabwera ndi tsamba lachikasu kudzafunsa nzeru, ndimamuuza kuti apite kwa alangizi. Amati England inandipatsa matama. Sindinawauzepo chifukwa chake.

Chaka chija mpesa unafa, a Saro anabweranso ku Bilston kutafunda, mitengo ya m'misewu itaphuka. M'kanyumba kaja sanalowenso, ndipo ine ndinkawazemba, ndikamva ndodo yawo ndinkapeza chochita kuseri kwa mapaleti. Tsiku lina anandipeza ndikumanga katundu pakhomo la lole. Panalibe kothawira. Ndinavula chipewa.

“Bwana, akulu anu aja. Anadziwa?”

“Munthu amene wadula mphesa moyo wake wonse? Anadziwa asanamasule n'komwe. Anangonyamula mtolo m'manja n'kumva kulemera kwake.”

“Ndiye anati chiyani?”

“Anafunsa kuti ankausamalira ndani ine kulibe. Ndinamuuza kuti mlimi wina wa ku Africa, amene anachotsa moto m'chipinda cha mwana wake n'kukaupatsa mtengo.” Mkuluyo anayang'ana pansi. “Anati ndikuuze kuti zikomo.”

Ndikanakonda akananditukwana. Ndinafunsa kuti nanga nthambizo anazitaya kuti.

“Sanataye. Anabzala zonse, dzenje lililonse kanthambi kake. M'mawa uliwonse amakwera ndi ndodo kukaziona.”